Mphumu ndi Phiri la Kalinde

Lamulungu, 13 Julho 2025, Furancungo

Telefoni ya Osório, mlongo wanga, titangoweruka ku Misa. Anayamba ndi ng'ombe, kenaka chimfine cha ana, nkhani yeniyeni kumapeto monga mwa chizolowezi chake. Mbali ya phiri la Kalinde yoyang'ana kwathu ku Ntengo-wa-Mbalame apatsidwa a Damião. Alimapo kachewere. Aganyu ayamba kuswa mphanje mvula isanagwe.

Mayi ali pamenepo.

Palibe mtanda, palibe dzina. Mulu wa miyala basi, kuyambira chaka chija tinkathawa nkhondo kulowera ku Malawi. Ine wa zaka zisanu ndi zinayi, Osório ali khanda kumsana kwanga. Amene anakumba sitinkawadziwa, anali othawa anzathu. Titabwerera ankati m'phirimo muli zophulika zokwirira za nkhondo, osapondamo. Atazichotsa tinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa. Mayi aang'ono, omwe ankadziwa malowo, tinawaika chaka chatha.

A Damião si munthu woipa. Akuti, "Andionetse pomwe pali manda, ndizungulira. Koma phiri lonse sindingalisiye." Akunena zoona.

Watsala ndine, Filomena, amene ndimaima kawiri pa chitunda cha kumsika. Mphumu yomwe ija ya mayi. Osório, yemwe amanditcha mana, ndiye kuti achemwali, akuti, "Mana, mungotilozera muli m'munsi." Kulozera chiyani? Chala changa chikaloza phiri lonse.

Ndasesa m'nyumba kawiri. Ndatsukanso mbale zotsuka kale.

Lachitatu, 16 Julho

Kuchipatala nditaweruka kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Anamwino a Celina. Ndimayembekeza kuti andiletsa. Mwinanso ndimafuna kuti andiletse, ndikamuuze Osório kuti a chipatala akana. Koma iwo, osakweza n'komwe mutu: "Kwerani, professora. Koma osati mawa."

Bombinya yanga, kaja kopopera m'kamwa, akuti ndakhala ndikuiwononga zaka zonsezi, mankhwala amathera palilime. Anatenga botolo la madzi, kulibowola kumunsi. Bombinya uko, pakamwa uku. Kupopa chitunda ndisanachiyambe, osadikira kuti chifuwa chitseke. Mpweya kulowetsa ndi mphuno, kutulutsa ndi milomo yosongola ngati ndikuuzira phala la mwana. Andipatsanso ina yofiirira ya m'mawa ndi madzulo, ndidwale ndisadwale.

Adani anga ati ndi atatu: chisanu, fumbi, utsi. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Chisanu ndi Julho yense. Fumbi ndi Furancungo yense. Utsi ukubwera ndi Setembro. Ndiye ndizikhala kuti, m'botolomo?

Loweruka, 19 Julho

Tsiku loyamba. Kaphiri ka kuseri kwa sukulu, komwe kuli antena ya telefoni. Nsapato za Júlia, mwana wanga, zomwe anasiya popita kukaphunzira ku Tete, zondithina chala chachikulu.

Ndinafika pa mtengo wa mango wa nyumba yomalizira. Pomwepo basi. Chifuwa kuyamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Ndinakhala pachulu, botolo kukamwa, mbuzi zikundiyang'ana.

Chimene a Celina sanandiuze: moni amadya mpweya. Mayi woyamba, mwadzuka bwanji, kunyumba, ana. Bambo wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, akufuna kudziwa chifukwa chake mwana analephera matemátika. Ungadutse munthu chonchi ngati mtengo? Sungatero. Pofika pa mangopo mpweya wonse ndinali nditagawira anthu.

Kalinde ndi wamkulu kuposa kaphiri aka kangapo. Ndalemba zimenezi ndipo ndakwiya nazo.

Lachinayi, 31 Julho

Ndadutsa mango. Ndadutsa munda wakale wa fodya. Ndikufika pa thanthwe loyera, pakati pa njira. Ndapeza nzeru ya moni: kuwomba m'manja, kugwada pang'ono, kumwetulira kwambiri, mawu ochepa. Azinena kuti professora wayamba matama.

Akunenadi, koma zina. Mkazi wokwera phiri opanda nkhwangwa, opanda dengu, opanda khasu, n'kutsika chimanjamanja. Akukatani? Lero ku mjigo ndamva yankho lake. Akuti ndili ndi mwamuna ku antena. Mlonda wa kumeneko ndi nkhalamba yopanda mano, ndipo sindinafikeko n'komwe. Ndikanafikako bwenzi ndikuvina.

Ndiye ndayamba kutsika ndi kamtolo ka nkhuni pamutu. Pakamwa pa anthu patsekeka pang'ono. Nkhuni kuseri kwa nyumba zakwana zophikira maliro.

N'chifukwa chiyani ndalemba maliro?

Choko m'kalasi chikundivutabe. Wofufuta bolodi ndi wina tsopano, ine ndimaima pakhomo.

Lamulungu, 10 Agosto

Sindinakwere. Mphepo yadzaza fumbi m'mwamba. Ndakhala pansi, ndaimirira, ndapita kumsika osagula kanthu, ndabwerako.

Ndiyesere kulemba zomwe ndikukumbukira, ndione ngati zikukwana.

Unali mwezi wozizira, nkhungu ponseponse. Tinawoloka kamtsinje. Titawoloka, chitunda chinaima chilili. Chifuwa cha mayi chinkalira moti wina kutsogolo anati achepetse phokoso, atimva. Ngati kuti ankachitira dala. Anakhala pansi n'kutsamira mwala. Anati, "Tsogolani, ndikupezani." Ena anatsogoladi. Ine ndi mayi aang'ono tinatsala. Dzuwa lisanatenthe anali atapita.

Amuna awiri anabwerera n'kukumba ndi khasu limodzi. Dzenje losaya. Miyala yoti afisi asafukule tinatuta ku kamtsinje kaja, ine m'nsalu, Osório akulira kumsana. Yosalala, yozizira. Pafupi panali mtengo wa msuku.

Ndi zokhazo. Kamtsinje, chitunda, mwala, msuku. Kalinde yense ndi miyala ndi misuku.

Nanga ndikakakwera, chifuwa n'kundilola, ndiye n'kukaima pamenepo anthu akundiyang'ana, ine osadziwa? Izi ndiye zikundiopsa kuposa kubanika. Ndikuopa. Ndalemba.

Júlia anaimba madzulo. "Mamã, agogo sakudandaula komwe aliko. Inu ndiye ndikukufunani." Mwana ameneyu amalankhula ngati padiri. Agogo akewo sanawaonepo. Sadziwa kuti khasu la waganyu silifunsa.

Lachiwiri, 19 Agosto

Antena! Ndaigwira ndi dzanja langa, chitsulo chake chozizira. Ndinaima katatu panjira koma sindinakhale pansi. Mwamuna wanga uja wa kumjigo anatuluka m'kanyumba kake n'kundiwombera m'manja. "Amayi, tsiku lililonse ndimakuonani mukubwerera pa thanthwe, ndimati kodi mumandiopa?" Anandipatsa mbatata yootcha. Zikamveka kumjigo ukwati watha kumangidwa.

Furancungo yense pansi, madenga ang'onoang'ono, shapa, minibasi ya kuno, ikukoka fumbi pa msewu. Ndinayang'ana kum'mawa ngati ndingaone kwathu. Kutali.

Chinsinsi chake ndi kuyenda mochititsa manyazi. Mapazi aafupi ngati nkhalamba. Ukangoti ndithamangeko, chifuwa chimakumbutsa mwini wake.

Lamulungu ku kwaya ndinamaliza mzere wonse osaba mpweya pakati. Amene amaima pambali panga anandiyang'ana.

Ndikutha. Mayi, ndikubwera.

Lachisanu, 5 Setembro

Ndatuluka m'chipatala dzana.

Osaka mbewa anatentha kaphiri kaja. Ndinauona utsi ndili pakhomo. Ndinati ndi wochepa, mphepo ikuukankhira kwina, munthu wogwira antena sangabwerere chifukwa cha kautsi. Pa thanthwe loyera mphepo inatembenuka. Zotsatira zake ndikuzikumbukira pang'ono. Mlonda uja akukuwa. Mota, njinga yamoto ya winawake, ine pakati ngati thumba la chimanga. Chophimba kumaso chotulutsa nthunzi.

A Celina sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Chitunda mapapo amachizolowera, professora. Utsi sazolowera." Akuti sabata ino ndi yamawa osakwera kanthu, ngakhale chulu.

Oyandikana nawo abwera ndi malangizo. Bombinya imafoola mtima. Ukaiyamba suisiya. Kuli munthu ku Chidzolomondo amachiza mphumu ndi mizu, amachita kukusanzitsa. Ndathokoza onse ndi manja awiri. Mayi anamwa mizu ya dziko lonse.

Osório sindinamuuze. Akangomva, aletsa ulendo, kenaka akaika mtanda pena paliponse kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndimamudziwa.

Kugona chagada, kuyang'ana malata. Miyendo ikufuna njira. Ndasoka mabatani onse a m'nyumba muno, ndi osathothoka omwe.

Lachitatu, 17 Setembro

Kuyambiranso. Mango. Mango yemwe uja, chulu chomwe chija, mwina ndi mbuzi zomwe zija. Zonse za Agosto zapita ngati sindinakwerepo. Ndinalira pang'ono, koma kulira nakonso kumadya mpweya, ndiye ndinasiya.

Osório waimba. Simenti wagula, ati yakwera mtengo ngati ikudziwa kuti tikuifuna. Mtanda wachitsulo wawotcheretsa, dzina la mayi alembapo ndi utoto woyera. Aganyu a a Damião ayamba Lolemba pa 6 Outubro, mvula ikuoneka kuti ifulumira. Ife tikwere Loweruka pa 4, tsiku la mtendere, kulibe sukulu.

Ndinamufunsa za njira. Akuti udzu ndi wopitirira munthu, palibe wadutsako zaka zambiri. "Koma musade nkhawa, mana, njira ndikonza ine. Mukayenda ngati pa msewu wa ku Ulongwe."

Mwana wabwino. Wa imvi kale, koma mwana.

Loweruka, 27 Setembro

Antena kachiwiri. Mamawa, moto wa m'minda usanayambe. Ndaphunzira kunyowetsa chala n'kuona komwe mphepo ikuchokera, ngati mlenje. Kukakhala utsi ndimabwerera, osakambirana nawo.

Lero ndinatsika mpaka pa thanthwe n'kukweranso, kuti ndione. Zinatheka. Chifuwa chili zii.

Chikwama ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso. Bombinya ziwiri, botolo, nsalu yophimba kukamwa, nsapato za Júlia zomwe tsopano zandizolowera. Kwatsala sabata. A direitori, akulu a sukulu, andilola kuchoka Lachisanu.

Chakudya sichikulowa. Ndikatseka maso, misuku, misuku, yonse yofanana.

Lachisanu, 3 Outubro, Ntengo-wa-Mbalame

Shapa ziwiri, fumbi tsiku lonse, nsalu kukamwa ngati wakuba. Ndinatsika ndili bwinobwino, ndikudzitama mumtima. Ndiye ndinakweza maso.

Kalinde wakuda bii. Kuyambira m'munsi mpaka pamwamba. Zitsa zikufukabe, utsi utagona m'zigwa.

Osório akubwera akumwetulira mano onse. Wakonza njira. Anayatsa dzulo, iye ndi anzake, ati kuti mana asavutike ndi udzu, mana asalumidwe ndi njoka, mana aone patali. Moto unawapulumuka n'kudya mbali yonse, koma akuti palibe kanthu, a Damião athokoza, aganyu apepukidwa.

Miyezi itatu ya mango ndi thanthwe ndi antena. Ndinafuna kumumenya ndi chikwama. Ndinamuuza mawu omwe sindilemba muno. Ndinamuuzanso za chipatala, zonse. Nkhope yake inagwa. "Mana, utsi womwewu? Umene timakhala nawo chaka chilichonse?" Sankadziwadi. Kuno munthu akafuna kulemekeza mlendo amasesa pabwalo, akafuna kulemekeza njira amaitentha. Anachita chimene aliyense akanachita.

Tsopano wakhala pakhonde, chipewa m'manja, akuti tisiye, akapempha a Damião adikire. Adikire chiyani? Mitambo yayamba kale kusonkhana. Aganyu analandira kale chimanga chawo. Mvula yoyamba ikagwa pa lupsa, dothi lidzatsetsereka n'kukwirira chilichonse.

Alamu atseka mazenera onse, aphikira panja kutali. Fungo la phulusa lili m'madzi akumwa momwe. Chifuwa chayamba kale kung'ung'udza.

Loweruka, 4 Outubro, m'mawa

Mame agwa, phulusa lagona. Mphepo ikuchokera kumudzi kupita kuphiri, itsogoza utsi. Ndapopa. Nsalu ndainyowetsa.

Ndamuuza Osório malamulo. Ine kutsogolo, kuti mapazi awo asandiwutsire phulusa. Osandilankhulitsa. Tikakumana ndi munthu, moni ayankhe iye. Ndikati tibwerere, tibwerere.

Júlia sindinamuimbire.

Loweruka lomweli, madzulo

Ndilembe ndisanagone, mawa ndingadzayambe kukongoletsa.

Tinalipo atatu, ine, Osório ndi mtanda paphewa, a Damião kumbuyo. Mapazi aafupi. Mphuno, milomo, mphuno, milomo. Pansi pofunda ngati pomwe achotsapo mphika. Mpaka pa kamtsinje zinayenda. Kamtsinje ndinakadziwa, ngakhale kachepa, kapena ndine ndakula.

Titawoloka ndinayang'ana m'mwamba. Palibe chomwe ndinazindikira. Mitengo yonse yakuda, yopanda tsamba, msuku ndi mtengo wina osasiyana. Miyala paliponse. A Damião anafunsa mwaulemu, kumanja kapena kumanzere. Ndinaloza kutsogolo chifukwa kunali kutsogolo. Sindinkadziwa kanthu.

Chitunda chinaima chilili. Chitsa china chikufuka pambali, mphepo inasintha pang'ono. Ndinamva chifuwa chikumangika, kamphaka kaja kakudzuka. Ndinati ndifike pa mtengo uwo. Sindinafike. Ndinati pa mwala uwu. Ndinagwera pomwepo, msana pamwala, dziko likuchepa m'maso. Mpweya ukulowa ngati kudzera m'kaudzu.

Osório anagwada akundigwedeza. Ndinafuna achoke kumaso kwanga, akunditsekera mphepo. Ndinamukankha n'kunena, "Tsogolani, ndikupezani."

Ndinadzimva ndekha ndikunena mawu omwe aja a mayi.

Iye sanadziwe chomwe ndanena, sindinamuuzepo mawu amenewo. Anangoti, "Sindipita kulikonse, mana," n'kutaya mtanda pansi, n'kusolola botolo m'chikwama. Manja ake akulu aja akulephera kulowetsa bombinya pabowo. Kupopa. Kudikira. Kupopanso. A Damião akundikupiza ndi chipewa. Kudikira kwina kotalika. Kenaka pang'onopang'ono chinamasuka, ngati munthu akumasula mfundo ndi zikhadabo.

Ndili chikhalire, mutu pansi, ndikuyang'ana phulusa pakati pa mapazi anga. Miyala ya m'phiri muno ndi yosweka, yakuthwa, yang'amba nsapato za Júlia. Koma chakumunsi pang'ono, poti ndikanatha kuponyapo chipewa, panali ina. Yobulungira. Yosalala. Yambiri pamodzi, itamira theka m'dothi, moto utaiyeretsa udzu wonse.

Miyala ya mumtsinje sikwera phiri yokha.

Ndinakwawa ndi matako, kuima sindikanatha. Ndinagwira umodzi, wokwana m'manja mwa mwana. Msuku palibe, mwina unagwa kalekale. Udzu uja ukanakhalapo tikanadutsa pambali osaona kanthu, ndipo Lolemba khasu likanalowa. Ndinamuyang'ana Osório ndi moto wake wopusa. Sindinamuuze. Ndidzamuuza, koma ayambe wavutika kaye pang'ono.

Sindinapeze malowo ndi mutu. Mutu unalibe kanthu. Chifuwa ndi chomwe chinaima pomwe cha mayi chija chinaima.

A Damião anavula chipewa, n'kuyenda mozungulira patali ndithu, akuzika timitengo. Anasiya malo aakulu kuposa omwe tikanapempha. Osório anagwada, dzanja pamiyala. Anafunsa ngati mayi anali aatali kapena aafupi. Zaka zonsezi sanafunsepo.

Kuchokera pamenepo kufika pamwamba, pomwe njira imayamba kutsetsereka kulowera ku Malawi, ndi pafupi. Ngati kuchoka kunyumba kwanga kupita ku mjigo. Ndinakuyang'ana nthawi yaitali.

Ndinali ndikadali ndi bombinya m'manja. Kanthu kochepa kuposa chitsononkho. Kupopa kawiri, munthu n'kudzuka, n'kutsika phiri ndi miyendo yake, n'kudzakalamba. Kanthu aka basi ndi komwe kanasowa tsiku lija.

Osório anazika mtanda, a Damião anayambitsa pemphero. Simenti tikweza mawa, ndikweranso, anene zomwe anene. Atati amen ine ndinachotsa botolo, n'kuweramira pamiyala, n'kupopa kawiri. A Celina akanati ndikuwononga mankhwala. Kautsi koyera kanakhala pang'ono pamwamba pa miyala, kenaka kanapita.

Osório anati, "Mukutani, mana?"

Mpweya woyankhira ndinali nawo, wambiri. Ndinati, "Ndikuwapopera mayi."